Nambala Seveni ya a Wanitu

Dzina lawo lenileni lilipo, koma mukalitchula anthu adzakufunsani kuti mukunena ndani. Aliyense amawadziwa kuti a Wanitu, chifukwa kwa zaka zambiri mawu oyamba kumveka pa ukwati uliwonse wolongosoka sanali a mkwati kapena a mkwatibwi, koma awo, holo idakali yopanda anthu: "Wani, tu. Wani, tu." Pa firii sanafikepo. Ena amati sukulu yawo inathera pomwepo, koma limenelo ndi bodza la oimba gitala, anthu amene akapanda kunyoza mnzawo tsiku silinawachere.

Ntchito yawo inali yoyendetsa zokuzira mawu mu bandi ya alamu awo. Alamuwo, achimwene a akazi awo, ndiwo anali eni bandi, oimba patsogolo, komanso oyendetsa galimoto, ndiye munthu sukanakangana nawo ngati ukufuna kufika kunyumba. A Wanitu malo awo anali kumbuyo kwa holo, pa tebulo, pakati pa khomo la kukhitchini ndi njira ya kuchimbudzi. Anali munthu wochepa thupi, wadazi, thumba la malaya lolendewera ndi tepi yakuda, mabatire ndi kasikuludiraiva. Malamulo awo anali ochepa koma owuma. Waya sakulungidwa pa chigongono. Maiki sauziridwa mpweya ngati ukukoleza moto. Botolo siliikidwa pa sipika, ngakhale likhale la bambo a mkwatibwi. Ana awo anadziwa kukulunga waya asanadziwe kumanga zingwe za nsapato.

Mikisa yawo, bokosi lija limene mawu onse amadutsamo asanapite ku masipika, ankaitcha Nkhalamba. Batani lina linathyoka kalekale ndipo anamatapo chitsekerero cha botolo. Batani la nambala firii linkafuna kupatsidwa khofi kuti lidzuke. Pansi pake panali mzere wa timabatani totsetsereka timene iwo amati mafeda: ukakankhira mmwamba mawu a munthu amakwera, ukakokera pansi amazimiririka. Woimba aliyense anali ndi feda yake. Ya nambala seveni inali ya akazi awo.

Apa ndiye pali nkhani. Akazi a Wanitu anali telala, munthu wa manja abwino ndi mtima wabwino, wovina mokoma moti akaima pa siteji anthu ankaiwala kuti chakudya chachedwa. Koma kuimba, abale anga. Ndinene mosabisa poti ndinawamvapo ndi makutu angawa. Nyimbo ikalowera kumanja iwo ankalowera kumanzere, ndipo ankalowera molimba mtima, osacheuka.

Ukwati woyamba umene anaimba nawo, iwo atangokwatirana kumene, khanda lina linalira mpaka amake anatuluka nalo. Nyimbo itatha alamu anatsika pa siteji ngati akukafunsa za waya.

"Alamu, chitanipo kanthu," ananong'ona. "Ine sindingamuuze. Ndi mlongo wanga."

"Nanga ine si mkazi wanga?"

"N'chifukwa chake. Inuyo muli ndi mabatani."

A Wanitu anayang'ana akazi awo ali mwee pa siteji, mu diresi losoka okha, ndipo mtima unawawawa. Kachala kakang'ono ka kumanzere kanatsetsereka pang'onopang'ono n'kukokera nambala seveni pansi. Nyimbo yotsatira inamveka bwino zedi. Alamu anasamutsira mlongo wawo kumapeto kwa siteji, pafupi ndi sipika ya besi, pamalo poti ngakhale munthu akuwe kuti moto palibe angamumve. Anati pamenepo ndi pamene anthu amawaona bwino.

Kuyambira tsiku limenelo ntchito inkayenda motere. Poyesa zida holo isanadzaze, a Wanitu ankakweza seveni, mayi n'kunena "wani, tu" yawo, n'kudzimva okha mu masipika. Woimba ng'oma akangogunda timitengo kuti nyimbo iyambe, kachala kaja kankachita ntchito yake. Patapita zaka kanasiya kufunsa mutu. A Wanitu akanatha kuyankhula ndi munthu, kuthamangitsa mwana pa mawaya, kachala kali pantchito kokha. Bandi yonse inkadziwa ndipo palibe anatsegulapo pakamwa.

Pobwerera, atapanikizana ndi masipika kumbuyo kwa galimoto, mayi ankafunsa kuti, "Ndaimba bwanji lero, bambo?"

"Anthu asangalala, mayi," ankatero a Wanitu. Silinali bodza, koma silinkayankha funsolo. Zaka zitapitapo mayi anasiya kufunsa, ndipo a Wanitu anapuma, poganiza kuti mkazi wawo wafika podzidalira. Chimene ankaopa pa moyo wawo wonse sichinali magetsi kuzima kapena sipika kupsa. Ankaopa nkhope ya akazi awo tsiku limene adzadziwe.

Ndiye kunabwera zida zatsopano. Bandi ina inali itayamba kulanda maukwati, ndipo alamu anati nafenso tisaoneke ngati osula mipeni. Tsiku lina m'mawa makatoni anadzaza galaja imene ankasungiramo katundu. Masipika ang'onoang'ono oti munthu n'kunyamula ndi dzanja limodzi, koma mawu ake ogwedeza malata. Maiki zopanda waya. Tizipangizo toika m'makutu kuti woimba azidzimva bwino, timene alamu anatenga okha poti ndi bwana. Ndipo mikisa yatsopano, yopyapyala, ya sikirini yowala, yopanda paliponse pomenya khofi.

Anabwera nazo ndi mayi wina wogulitsa zida, wovala magalasi, woyankhula mofulumira. Atadina batani lina, mafeda onse anayenda okha, shwee, ena mmwamba ena pansi. A Wanitu analumphira kumbuyo n'kuponda phazi la woimba ng'oma.

"Wagwira ndani?"

"Palibe, bambo. Amayenda okha," anatero wogulitsa zida. "Mafeda ndi omwewa, koma ali ndi masamba ngati buku. Tsamba ili ndi la mu holo, zimene anthu akumva. Mukadina apa mwapita pa tsamba la m'makutu mwa abwana anu. Mukatsitsa munthu pamenepo, mwamutsitsa m'makutu mwawo mokha, mu holo akumvekabe. Muziyang'ana kaye kuti muli pa tsamba liti."

A Wanitu anagwedeza mutu ngati munthu amene anabadwa akuzidziwa.

"China chabwino," anapitiriza mayiyo, "imajambula. Simufunikanso kupita ku situdiyo. Maiki iliyonse imajambulidwa payokha, mukafika kunyumba mukhoza kumvetsera munthu mmodzimmodzi."

"Ngakhale yotsitsa?" anafunsa a Wanitu.

"Ngakhale yotsitsa. Palibe chotayika."

A Wanitu anayang'ana alamu. Alamu anayang'ana denga. Akazi a Wanitu, amene anakhala pa katoni akudula ulusi pa siketi, anadzutsa mutu nati, "Ndiye zakhala bwino. Tidzamva tonse mmene ndimaimbira."

Masiku otsatira a Wanitu anaonda, munthu woonda kale. Anayesa kunena kuti mikisayo ikutentha msanga. Anayesa kunena kuti masipika opepuka chotero sangakhale oona. Anapukuta Nkhalamba n'kuiyika poonekera, mwina alamu angaimvere chisoni. Alamu anakanitsitsa, ndipo anawonjezera kuti ukwati wa Loweruka ujambulidwe wonse, nyimbo zikaikidwe pa foni za anthu. Pamapeto a Wanitu anapangana ndi mtima wawo kuti mu holo atsitsa seveni monga mwa masiku onse, ndipo akaweruka afufuta zojambulidwa za seveni n'kunamizira makina kuti ndi achilendo.

Loweruka masana holo inadzaza. Unali ukwati wa anthu olemera, wa mipando yovekedwa nsalu, keke yosanjikiza ngati nyumba yam'mwamba, ndi amake a mkwati atavala chisoti chachikulu moti okhala kumbuyo kwawo ankaonera ukwati mosuzumira. Kuyesa zida kunayenda bwino. Mayi ananena "wani, tu" yawo ndipo inamveka ngati aima pambali pako.

Kutangotsala pang'ono kuti ayambe, alamu analoza khutu lawo n'kuloza gitala, kutanthauza kuti sakuimva bwino. A Wanitu anadina batani lija, mafeda anayenda okha, iwo n'kukweza gitala m'makutu mwa alamu. Nthawi yomweyo woimba ng'oma anagunda timitengo. Kachala kaja, kopanda maso, kosadziwa za masamba, kanakokera seveni pansi monga kanazolowera. Kanatsitsa mayi m'makutu mwa alamu mokha. Mu holo seveni inatsala mmwamba.

A Wanitu sanamve kanthu, chifukwa ng'oma yaikulu inali ndi kaphokoso kamene sanakakonde. Anavala mahedifoni, n'kudina kuti amve ng'oma yokhayo, n'kuweramira sikirini. Ndiye anthu awiri amene akanatha kuzimitsa moto onse anali ogontha: wina pa siteji atatseka maso akuimba za chikondi, wina kumbuyo akumvetsera ng'oma.

Pamwamba pa nyimbo panamveka mawu a mzimayi, oyera bwino, poti maiki yatsopano siinama. Sanali kuimba. Anali kuyankhula ndi mawu a kukhitchini, osafulumira.

"Koma chisoti cha amake a mkwati. Chimenechi mutachiika pa denga chingagwire matchanelo onse a kanema."

Anthu anayang'anana. Pa siteji mayi anali kuvina bwinobwino, akuomba m'manja, akumwetulira, milomo ikuyenda ngati munthu amene ali pakati pa nyimbo.

"Diresi la mkwatibwi anasoka ndani? Mpendero wakhota kumbuyo konse. Akanabwera kwa ine. Mkwatiyo akulira ndi chikondi kapena nsapato zamuthina? Ndi nsapato, taonani mmene waimira."

Mkwati anabisa mapazi pansi pa tebulo. Amake anakweza dzanja n'kugwira chisoti. Woimba ng'oma anataya kamtengo kamodzi, n'kuyamba kutambasulira a Wanitu dzanja ngati munthu amene akumira.

"Keke yapendama. Wina aigwire, ikupita."

Operekera zakudya awiri anathamangira keke. Apa holo inalephera kudzigwira, anthu anaseka mpaka ena kugwira m'mimba, ndipo ambiri anatembenukira kumbuyo kwa woyendetsa zida. A Wanitu atadzutsa mutu anaona nkhope zonse zikuwayang'ana mosangalala. Pa zaka zonse za ntchito yawo palibe anawayang'anapo, kupatula zinthu zikalira. Anaganiza kuti anthu azindikira ukoma wa zida zatsopano. Anamwetulira n'kukweza chala chachikulu.

"Taonani amuna anga uko, akweza chala," anatero mawu aja. "Malaya ndinawasitira awasiya pa bedi, avala a dzulo omwewo. Mapiritsi a m'mawa sanamwe, ndawapeza pa tebulo. Tsiku lina adzagwera pa mawaya awowo, ine n'kutsala ndekha ndi galaja yodzaza masipika."

Woimba kiyibodi anachotsa manja. Wa besi naye analeka. Alamu okha ndiwo anapitiriza, maso ali tsinzi, dzanja pamtima.

"Inu bambo inu. Akuti lero makina akujambula. Ndikudziwa mukafufuta, ndimakudziwani. Koma musanafufute mumvetsereko. Kutsitsa mumatsitsa, sindikudandaula, mawu anga ndimawadziwa ndekha. Chimene chimandiwawa n'chakuti mahedifoni muli nawo pamutu. Zaka zonsezi ndimakuyankhulani pano Loweruka lililonse. Tsiku limodzi lokha osadina kuti mumve kuti kodi mkazi wanga akuti chiyani kumeneko?"

Alamu anatsegula maso n'kupeza kuti akuimba okha, ndipo anathera pakati pa liwu. Holo inali zii. Mayi anamva mawu awo omaliza akubwerera kuchokera ku khoma la kumbuyo. Anaima. Anayang'ana maiki ili m'manja mwawo, n'kuyang'ana anthu, kumwetulira kuja kukuchoka pang'onopang'ono.

Amene ananyamuka ndi amake a mkwati. Anayenda holo yonse, chisoti chikugunda maluwa a m'mbali, mpaka pa tebulo la a Wanitu. Ananyamula mbali imodzi ya mahedifoni ndi zala ziwiri.

"Bambo," anatero, "akazi anu akukuyankhulani."

Zotsala za tsikulo sindizinena zonse. Mayi anaika maiki pansi mwaulemu n'kutulukira khomo la kumbali. Alamu anapepesa pa maiki mpaka thukuta kunyowetsa kolala. Keke inagwadi, ngakhale anaigwira. Chodabwitsa n'chakuti mkwatibwi anatumiza diresi lake kwa akazi a Wanitu sabata yotsatira kuti akonze mpendero, chifukwa mng'ono wake ankafuna kudzalivalanso, ndipo chisoti chija sichinaonekenso pagulu.

Koma kunyumba kunali chete. Chakudya chinkafika pa tebulo, malaya ankasitidwa, mapiritsi ankaikidwa pambali pa kapu ya madzi, koma mawu ayi. A Wanitu, munthu amene moyo wake wonse ankasaka pamene mawu atayikira, anazungulira nyumba ngati akufuna waya woduka. Chimene ankachiopa chija chinali chitafika, ndipo chinafika chosiyana ndi mmene ankachiganizira.

M'mawa wina anapita ku galaja, anayatsa mikisa, n'kupeza zojambulidwa za nambala seveni. Batani lofufutira linali pomwepo. Anavala mahedifoni n'kumvetsera zonse, kuyambira chisoti mpaka mapeto. Pa keke anaseka okha. Pa mapiritsi anasiya kuseka. Atamaliza anabwereza, kenako anazimitsa osafufuta n'kubwerera kunyumba.

Anapeza mayi pa makina osokera, diresi la mkwatibwi lili pamiyendo. Anakoka mpando n'kukhala, zimene sankachita kawirikawiri, poti kunyumba nako ankakhalira kuwotcherera mawaya.

"Munadziwa liti, mayi?"

Makina anayendabe pang'ono, kenako anaima.

"Tsiku limene mwana wathu woyamba anakwera pa sipika, akuphunzira kumene kuyenda. Ndinakuwa mu maiki kuti mugwireni mwanayo. Palibe anatembenuka. Ndinachita kudumpha pa siteji ndekha."

A Wanitu anawerengera mumtima. Mwana ameneyo tsopano anali ndi ndevu komanso ana ake.

"Bwanji osanena?"

"Inu bwanji osanena?"

"Ndinkaopa kukupwetekani mtima."

"Ine ndinkaopa kukuchititsani manyazi. Munkabwera kunyumba mukudziona ngati munthu amene wapulumutsa mkazi wake. Ndikanakulandani zimenezo?" Analuma ulusi n'kuudula. "Poyamba ndinalira, osanama. Kenako ndinaona kuti ndapeza malo oyankhulirapo zonse popanda wondidula. Ndinakuuzani zambiri pamenepo. Za mimba ya mwana wachiwiri ndinayamba kukuuzani pa siteji. Mayi anga atamwalira ndinalirira pamenepo, ndikuvina."

"Mukanangosiya bandiyo."

"Ndikasiya ndizikuonani kuti? Loweruka muli ku holo, masiku ena muli ku galaja. Pa siteji paja ndi pamene ndimakuonani bwino, dazi lonse."

A Wanitu anafuna kupepesa. Anangotola mapini amene anagwa pansi n'kuwabaya pa kansalu kake mmodzimmodzi. Masana anaimbira foni wogulitsa zida uja n'kumufunsa ngati n'zotheka kuti maiki imodzi isamapite mu holo, isamapite kwa alamu, izingobwera mu mahedifoni awo basi. Mayiyo anati n'zosavuta, ndipo anawafotokozera mofulumira. A Wanitu anamupempha kuti abwereze pang'onopang'ono, ndipo ulendo uno sanagwedeze mutu asanamvetse.

Ukwati wotsatira alamu ankafuna mlongo wawo atsale kunyumba, koma eni ukwati anachita kufunsa ngati mayi aja abwere, ndipo anapempha kuti ngati pali chokhota awauze mwakachetechete. A Wanitu anafika atavala malaya ositidwa. Mapiritsi anamwera pa tebulo lawo, atakweza botolo la madzi kuti aonekere ku siteji. Anayang'ana tsamba, anayang'ananso, n'kukhalira kachala kaja kuti kasayende kokha. Woimba ng'oma atagunda timitengo, anavala mahedifoni n'kudikira kuti amve za zisoti za lero.

Mayi anawayang'ana kuchokera kumapeto kwa siteji. Anakoka mpweya. Kenako anaimba.

Anaimba nyimbo yonse, ndi yotsatira, ndi yotsatiranso. Nyimbo inalowera kumanja, iwo kumanzere, molimba mtima ngati kale, ndipo maiki yatsopano inabweretsa zonse m'makutu mwa a Wanitu popanda chotayika. A Wanitu anagwira m'mphepete mwa tebulo. Misozi inatsika. Woimba ng'oma amati inali ya ululu, wa kiyibodi amati inali ya chikondi, ndipo mpaka lero sanagwirizane. Chimene onse anaona n'chakuti mahedifoni sanachoke pamutu.

Pobwerera, atapanikizana kumbuyo kwa galimoto pakati pa masipika, mayi anatembenukira kwa amuna awo.

"Ndaimba bwanji lero, bambo?"

"Moipa, mayi. Kuyambira poyamba mpaka pomaliza."

"Mwamva zonse?"

"Zonse."

Mayi anawakonzera kolala imene inapindika, n'kusiya dzanja pomwepo pa phewa.

"Loweruka likubwerali ndaphunzira ina yaitali," anatero.